Kapepala m'thumba la mwana si msonkhano wa makolo

Mu February 2022 dziko la Malawi linalengeza kuti mwana wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo mu May chaka chomwecho matendawa anapezekanso kwathu kuno ku Tete, m'boma la Changara. Mozambique inali itakhala kuyambira 1992 osaona mtundu wa poliyo umene unapezekawo. Chaka cha 2022 chisanathe, ana asanu ndi atatu anali atagwidwa nawo m'chigawo chathu chokha. Akatswiri anapeza kuti kachilomboko kanachokera ku Pakistan. Ngati kanatha kuwoloka nyanja, kangalephere bwanji kuwoloka msewu wa pa Biriwiri kapena pa Lizulu, pamene ife a ku Ntengo-Wambalame timadutsa ndi matumba a kachewere popanda wotifunsa?

Mliriwo anautseka mu May 2024, atatemera ana khomo ndi khomo kangapo konse. Mu 2023 madontho a katemera wa poliyo anafika mpaka kwa ana osakwana zaka 15, ndipo ana a msinkhu umenewo amapezeka pamalo amodzi m'mawa uliwonse: kusukulu. N'chifukwa chake azaumoyo amaikonda sukulu. Ndilibe nazo vuto. Chimene chimandivuta ndi mmene makolo amamvera za tsiku la katemera.

Nthawi zambiri zimayenda chonchi. Aphunzitsi amalengeza pamzere kuti mawa kubwera anamwino. Mwina amapereka kapepala kolembedwa m'Chipwitikizi, mwana n'kukapinda kanayi, n'kukaika m'thumba la kabudula limodzi ndi chimanga chokazinga. Kakafika kunyumba, ngati kafika n'komwe, kamapeza mayi amene akuchokera kudimba, amene Chipwitikizi chake n'chongopatsirana moni. Uthenga umene umafika bwino ndi wa mwanayo: mawa kuli jakisoni. Mawa lake theka la kalasi lili kubusa kapena ladwala mutu.

Ndiye timati makolo a kumudzi ndi osamva. Ine ndikukana. Mayi yemweyo anayenda mtunda wautali, khanda lili kumbuyo, m'chisanu cha ku Tsangano, kupita nalo kusikelo mwezi ndi mwezi. Khadi analisunga m'pepala la pulasitiki kuti lisanyowe. Munthu wotere sadana ndi katemera. Akungofuna kuuzidwa ngati kholo, pamaso, m'chinenero chake.

Nkhaniyi imakula kwambiri tikafika pa katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Malawi inayamba kumpereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, Mozambique mu 2021. Khansa imeneyi ndi imene ikutha amayi ambiri m'maiko awiriwa, ndipo ambiri amafika kuchipatala mochedwa. Koma taganizani bambo amene wangomva kuti kusukulu akubaya atsikana okhaokha, anyamata ayi. Funso limabwera lokha: akufuna kuti ana athu asadzabereke? Funsoli lili ndi yankho lomveka. Katemerayu satseketsa kubereka. Amagwira bwino ntchito mwana akalandira asanakumane ndi kachilombo ka HPV, n'chifukwa chake amayambira kwa aang'ono. Koma yankho limeneli silingalembedwe pa kapepala n'kutha. Likufuna munthu wokhala pansi, womvetsera funso mpaka kumapeto osaseka wofunsayo.

Anthu otero tili nawo kale. Sukulu iliyonse ili ndi komiti yake, Conselho de Escola, mmene muli makolo. Tili ndi mafumu ndi anyakwawa amene akaitana anthu amabwera. Tili ndi akuluakulu a mipingo amene Lamulungu amakhala ndi mudzi wonse kutsogolo kwawo, ndiponso anamkungwi amene atsikana ndi amayi awo amawamvera pa nkhani za thupi kuposa wina aliyense. Mphunzitsi wamkulu akadziwa tsiku la katemera, ayambe waonana ndi amenewa sabata yathunthu lisanafike, namwino ali pambali pake, ndipo abambo aitanidwe ndi maina awo. Pakhomo pambiri wopita kusikelo ndi mayi, koma woletsa ndi bambo.

Pali china chimene a m'maofesi a kutali sachiona. Kuno kumalire mwana mmodzi amatha kulandira katemera woyamba ku chipatala cha mbali ya Ntcheu, wotsatira kuno kwathu, malinga ndi kumene mayi anali nyengo imeneyo. Ena ali ndi buku la chipatala la ku Malawi, ena khadi la kuno, ena zonse ziwiri koma zosadzaza. Mphunzitsi akaona zotere asamubweze mwana, ndipo asamuchititse manyazi pamaso pa anzake. Alembe dzina, alipereke kwa azaumoyo oyendera midzi, kuti aone chimene chikusowa n'kumalizitsa. Mwana wobwezedwa pakhomo la sukulu amataya zonse ziwiri, maphunziro ndi katemera yemwe.

Nyengo yolembetsa ana a kalasi yoyamba, kumapeto kwa chaka, makolo amabwera okha kusukulu atagwira mwana padzanja. Azaumoyo a m'boma la Tsangano apemphe tebulo limodzi pakhonde masiku amenewo, aone makhadi, ayankhe mafunso m'Chinyanja, ndipo amene watsalira katemera wa chikuku kapena wa kafumbata auzidwe tsiku ndi malo okalandirira.