Petulo akathera panjira, ovutika ndife

Asisi, tikambirane. Njinga zamoto zina za kabaza ku Chikwawa ndi ku Nsanje zilibe geji ya mafuta, zina geji inafa kalekale. Petulo akatha pakati pa Ngabu ndi Bangula dzuwa litalowa, wotsala mumdima ndi mwamuna wosamudziwa ndi iwe ndi ine.

Ndiye manyazi ayi. Tisanakwere tizinena kuti, "Achimwene, tatsegulani thanki tione." Tiziyang'ananso kampopi ka pansi pa thanki: kakakhala pa RES, mafuta atsala pang'ono, ulendo wautali osayerekeza.

Enafe tili ndi njinga zathuzathu. Tikadzaza thanki tizilemba makilomita, tidziwe kuti lita imodzi imatifikitsa pati. Zimenezi si za azibambo okha.