NKHOKWE ZA DETA: KUKULA KOKHA SIKUKWANIRA

Tsiku lililonse anthu m'maiko onse akulemba makalata, kujambula zithunzi ndi kutumiza ndalama pa lamya ndi pa kompyuta. Zonsezi, zimene akatswiri amazicha deta, ziyenera kusungidwa, ndipo zikuculuka mofulumira koposa kale. Kodi nkhokwe zake zidzakwanira? Nanga zimene zikuikidwamo lero zidzawerengeka mawa?

Za kukula kwa nkhokwezi, nzeru za anthu zapita patali ndithu. Mu 1956 kampani ya IBM inatulutsa makina oyamba osunga deta pa disiki. Anali olemera pafupifupi tani imodzi, koma anali kusunga zilembo 5 miliyoni cabe, malo amene cithunzi cimodzi ca pa lamya cikhoza kudzaza. Mu 2025 disiki imodzi yonyamulika m'manja inafika pa materabaiti 30, ndiko kuwirikiza ka 6 miliyoni.

Koma mlimi wanzeru sanyadira kukula kwa nkhokwe asanaone ngati ciswe cidzailekerera. Mu 1986 bungwe la BBC ku Britain linasonkhanitsa nkhani, mapu ndi zithunzi za dzikolo, mothandizidwa ndi ana a sukulu, pokumbukira zaka 900 za buku la kalembera lochedwa Domesday la mu 1086. Zonse zinaikidwa pa madisiki awiri amakono a nthawiyo. Pofika 2002 makina owerengera madisikiwo anali atasowa, ndipo panafunika akatswiri a m'mayunivesite a Leeds ndi Michigan kuti apulumutse zolembedwazo. Pamenepo buku lakale lija, lolembedwa pa zikopa za nkhosa, likali kuwerengeka mpaka lero.

Vuto lina ndi la magetsi. Bungwe la International Energy Agency likuti mu 2024 nyumba zosungiramo ndi kugwiritsiramo nchito deta zinadya mayuniti pafupifupi 415 biliyoni, ndipo likuyembekeza kuti ciwerengeroci cidzawirikiza kawiri pofika 2030. Anthu a mu Zambia, amene anakhala mu mdima maola ambiri mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, safunika kuuzidwa tanthauzo la zimenezi.

N'cifukwa cake asayansi akufunafuna njira zosunga kwa nthawi yaitali popanda magetsi. Tepi, imene ambiri anaiyesa yacikale, ikali pa nchito, pakuti ikaikidwa pa shelefu siidya kanthu ndipo opanga amati ikhoza kukhala zaka 30. Mu 2013 asayansi a ku Hinxton, pafupi ndi Cambridge, anasunga ndakatulo 154 za Shakespeare mu DNA, cinthu cimene cimanyamula malangizo a cibadwa m'zamoyo. Mu 2019 kampani ya Microsoft inalemba filimu yathunthu m'kagalasi kokwana m'cikhatho. Njira ziwirizi n'zopatsa ciyembekezo, koma sizinafike pa msika wa anthu onse, ndipo kungakhale kupusa kukhala manja lende poziyembekezera.

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza deta, limene likufuna kuti deta yokhudza anthu isungidwe m'dziko muno, kupatula pamene lamulolo lalola. Udindo umenewu ndi wolemera. Zikalata za malo, mbiri ya odwala, ziphaso za mayeso ndi mabuku a penshoni zikatayika, amene amalira ndi mai wamasiye ndi wanchito wopuma, osati makina.

Motero ofesi iliyonse ya Boma, cipatala, sukulu ndi kampani iyenera kucita zinthu zitatu. Isankhe zofunika kusunga ndi kutaya zacabe. Isunge makope m'malo osiyana, kuti moto kapena cigumula cisathe zonse pamodzi. Isamutsire deta ku zipangizo zatsopano zakale zisanaleke kugwira nchito, ndipo ndalama za nchitoyi zilembedwe mu bajeti caka ndi caka.

Mtundu umene sutha kuwerenga zolemba zake za dzulo sungathe kukonza za mawa. Nkhokwe ikule, inde, koma mlonda wake asagone.