Mtengo Uliwonse Ukhale ndi Mwini Wake

Chidzolomondo ikukula. Nyumba zatsopano zikumangidwa m'mbali mwa msewu ndi pafupi ndi msika. Munthu asanamange, amayamba wadula mitengo. Ina imakhala nkhuni, ina makala, ina milimo ya zigafa za fodya. Nyumba zikuculuka, koma mthunzi ukucepa.

Amene anafikako ku mzinda wa Tete amadziwa kukoma kwa mthunzi. Mzindawo uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka madigiri 40. Masana ogulitsa malonda, apaulendo, ngakhale mbuzi, onse amathawira pansi pa mtengo.

Ku Chidzolomondo ndi kumtunda, sikutentha ngati ku Tete. Komabe mtengo uli ndi nchito yake. Mizu yake imagwira nthaka kuti mvula isakumbe zigwembe m'njira. Nthambi zake zimachinga mphepo kuti isasasule denga la sukulu. Masamba ake amacepetsa fumbi. Mango, magwafa ndi mapeyala amakhutitsa ana.

Pamene Armando Guebuza anali Pulezidenti, kuyambira 2005 mpaka 2015, boma linapempha kuti mwana aliyense wa sukulu abzale mtengo. Linapemphanso kuti mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Ganizoli linali labwino. Koma kubzala ndi nchito ya tsiku limodzi. Kulera mtengo ndi nchito ya zaka. Mbande yobzalidwa pa tsiku la mwambo n'kuiwalika siikula. Mbuzi zimaidya, ciswe cimaiboola, dzuwa limaiumitsa.

Ku dziko la Kenya kunali mayi wina dzina lake Wangari Maathai. M'caka ca 1977 anayambitsa gulu la amayi obzala mitengo. Mayi ankalandira kandalama mbande zake zikagwira ndi kukula. Motero aliyense ankasamala zake. Amayiwo anabzala mitengo mamiliyoni, ndipo mu 2004 Wangari Maathai analandira mphoto ya mtendere ya Nobel.

N'cifukwa cake mtengo uliwonse uyenera kukhala ndi mwini wake. Mwana wa kalasi yoyamba angathe kulera mtengo umodzi. Aubzale mu Disembala kapena Januwale, mvula itanyowetsa nthaka. Bambo akumbe dzenje ndi kuthiramo manyowa. Mayi asunge madzi otsukira ndiwo, mwana azithirira nawo m'cilimwe. Acimwene amange mpanda waminga wochinga mbuzi. Agogo anene mtengo woyenera malowo, pakuti mitengo amaidziwa ndi iwo.

Ena amati madzi ali kutali ndipo nchito yakumunda ndi yambiri. Akunena zoona. N'cifukwa cake banja lisabzale mitengo 20 nthawi imodzi. Libzale umodzi kapena iwiri, koma ikule. Mtengo umodzi wamoyo uposa maenje ambiri opanda kanthu.

A mfumu nawo agawe malo a mitengo pamsika, pacitsime ndi m'mbali mwa msewu. Malo aliwonse apatsidwe banja loyang'anira.

Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Mwana ndi mbande yake akulire pamodzi. Pomaliza sukulu ya pulayimale, mwanayo adzakhala pansi pa mthunzi wa mtengo wake, ang'ono ake akutola mango.