Jumbo la ku Chinkhoma limathera kunyanja

Mlimi aliyense wa fodya kuno ku Kasungu amadziwa zimene kachidutswa ka pulasitiki kamachita m'belo. Ogula ku okushoni ya Chinkhoma akangopeza kachingwe ka thumba la feteleza pakati pa masamba, belo limabwezedwa, thukuta la chaka chonse n'kudikira tsiku lina. N'chifukwa chake posankha fodya timasesa m'chigafa mpaka mbee. Funso langa sabata ino ndi lakuti: zimene tasesazo timazitaya kuti?

Ambiri timangoziponya kuseri kwa chigafa kapena kudambo kumene kuli nazale. Mvula ikagwa, majumbo, machubu ofesera mitengo, matumba ong'ambika ndi mabotolo a mankhwala zimayamba ulendo. Paja madzi saiwala khwawa. Makhwawa a kuno amathira mu Bua ndi mu Dwangwa, ndipo mitsinje iwiriyi imakathera m'nyanja ya Malawi m'boma la Nkhotakota. Bua yemweyo ndi amene nsomba za mpasa zimakwera pokaswana pamiyala.

Kunyanja zikuluzikulu zamchere, akatswiri anayeza kale zimene zinyalala zotere zimachita. Pansi pa nyanjazo pali makorali, tizamoyo ting'onoting'ono timene timamanga matanthwe momwe nsomba zimabisala, kudya ndi kuswana. Mu 2018, gulu lotsogozedwa ndi Joleah Lamb linasindikiza m'magazini ya Science zotsatira za kafukufuku wa pamatanthwe 159 ku Indonesia, Thailand, Myanmar ndi Australia. Pamene panalibe pulasitiki, makorali 4 okha pa 100 alionse ndiwo ankadwala. Pamene pulasitiki anakolapo, chiwerengerocho chinafika pa 89. Pulasitiki amacheka khungu la korali, amatchinga kuwala ndi mpweya, tizilombo toyambitsa matenda n'kupeza polowera.

Wina anena kuti ife makorali tilibe, nanga zitikhudza bwanji? Zoona, nyanja yathu si yamchere. Koma matanthwe a pansi pa madzi tili nawo, ndipo ndiwo mudzi wa mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timadya ndere zomera pamiyala. Nsombazi ndi zimene zinatchukitsa paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ndere zimafuna dzuwa. Mwala ukakwiririka ndi matope okokoloka m'minda mwathu kapena ukafunda jumbo, mbuna yagona ndi njala.

Lamulo lilipo. Mu 2015 boma linaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 60, ndipo mu 2019 bwalo la Supreme linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Komabe lamulolo silikhudza thumba la feteleza kapena botolo la mankhwala, zomwe ndizo zinyalala zenizeni za mlimi wa fodya.

Anzathu a m'mphepete mwa nyanja ku Lamu, m'dziko la Kenya, anaganiza mwina. Anatola pulasitiki wokwana pafupifupi matani 10 pagombe ndi m'matauni, n'kumusungunula kukhala matabwa okhomera bwato lotchedwa Flipflopi, kunja kwake n'kumatako mapatapata akutha okwana 30,000. Mu Januwale 2019 bwatolo linayenda kuchoka ku Lamu mpaka ku Zanzibar. Chimene ndikutolapo n'chakuti pulasitiki amasanduka katundu pokhapokha ataunjikidwa pamalo amodzi. Womwazikana m'tchire palibe angamugule.

Luso logwiritsanso ntchito zinthu si lachilendo kwa ife. Matumba a feteleza timawasoka kukhala choyanikapo chimanga, ana amamanga mpira wa chikulunga ndi majumbo, amayi ena amalukira zikwama. Chosowa ndi pokaika zotsalazo. Pempho langa kwa makampani amene amatipatsa zipangizo pa ngongole ndi kwa khonsolo ya Kasungu ndi ili: ikani malo olandirira pulasitiki pamene makalabu amalandirira feteleza. Galimoto imene yabweretsa matumba odzaza ingathe kubwerera ndi opanda kanthu. Amene wagulitsa botolo alandirenso botolo lake.

Pa mabotolo a mankhwala ndiye ndichenjeze. Amenewa si osungiramo mafuta ophikira, mchere kapena madzi akumwa. Tsukani katatu, madziwo muthire mu sipuleya momwemo osati mumtsinje, kenako boolani botolo kuti wina asalitole. Kuwotcha nako si nzeru, utsi wake ndi poizoni.

Nyengo ya nazale ikubwera. Kalabu iliyonse ikhale ndi thumba limodzi lotayamo pulasitiki pafupi ndi mabedi, ndipo wapampando aliwerengere monga amawerengera mabelo. Usipa umene timagula pamsika wa Kasungu umachokera m'madzi omwewo amene tikutayiramo.