Maminibasi asamangounjikana pa Bvumbwe

Aliyense woima pa msika wa Bvumbwe m'boma la Thyolo nthawi ya kum'mawa akhoza kuganiza kuti vuto la mayendedwe linatha m'dziko muno. Maminibasi opita ku Limbe amandandalikana m'mbali mwa msewu wa M2, makondakitala akulimbirana munthu mmodzi, ndipo minibasi ina imatha ola lathunthu isanadzaze.

Koma makilomita ochepa kuchokera pamsewuwo, m'midzi yoyandikana ndi minda ya tiyi, nkhani ndi ina. Mayi wa dengu la kabichi kapena tomato amayenda wapansi kufika pa tala, apo ayi akwere njinga ya kabaza pamtengo woposa wa minibasi yopita m'tauni. Wodwala wofuna kukafika pa chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa nayenso amadalira njinga yomweyo, ngakhale kunja kukugwa mvula.

Izi zikusonyeza kuti magalimoto alipo okwanira. Chosowa ndi wowagawa.

Akuluakulu akukumbukira nthawi ya kampani ya United Transport Malawi (UTM), yomwe mu 1989 inagulidwa ndi kampani ya ku Britain ya Stagecoach. Kampaniyo inali ndi madepoti ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo mabasi ake ankayenda potsata nthawi, kaya adzaza kaya ayi. Basi ikatsala padepoti ina popanda ntchito, akuluakulu a kampani ankatha kuitumiza komwe kunali anthu ambiri. Phindu la m'misewu ikuluikulu linkathandiza kuti basi yakumudzi isaleke kuyenda.

Stagecoach itachoka mu 1997, kampaniyo inasanduka Shire Bus Lines, yomwe inadzatsekedwa mu 2007. Mwa zina, inalephera kupikisana ndi maminibasi omwe anachuluka boma litamasula ntchito zamtengatenga. Maminibasiwo anatenga misewu yonona, yakumudzi n'kuisiya.

Si chilungamo kuloza chala eni maminibasi okha. Ambiri ali ndi galimoto imodzi kapena ziwiri, ndipo dalaivala amapatsidwa ndalama yoti abweretse tsiku lililonse. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, matayala ndi zipangizo zina zinakwera mtengo kwambiri. Palibe yemwe angalowetse galimoto yake mumsewu wamaenje kuti ikathyoke masipuling'i, makamaka m'madera omwe namondwe wa Freddy anawononga misewu ndi milatho mu March chaka chomwecho.

Komatu kuunjikana pamalo amodzi nakonso kukuwapweteka. Minibasi yomwe yaima pasiteji siipanga ndalama. Dalaivala akataya nthawi podikira anthu, amadzathamanga mopyola muyeso kuti abweze nthawiyo, kapena kupanikiza anthu anayi pampando wa atatu. Mathero ake ndi ngozi.

Nthambi ya boma yoona za pamsewu, ya Road Traffic, ndiyo imapereka ziphaso zonyamulira anthu. Nthambiyi iyenera kuyamba yawerenga magalimoto omwe ali kale pamsewu wa Limbe-Bvumbwe-Thyolo isanaloleze ena. Msewu ukakhuta, wopempha chiphaso auzidwe komwe kukusowa galimoto, ndipo wovomera kupita kumeneko amuchepetsere ndalama zolipira.

Bungwe la eni maminibasi la MOAM nalo lingathe kuchita zomwe madepoti ankachita kale. Mamembala ake atha kumasinthana, kuti yemwe wagwira msewu wakumudzi lero, mawa apatsidwe mpata pa tala. Masiku a msika komanso masiku omwe ogwira ntchito m'maesiteti alandira malipiro amadziwika, choncho si chovuta kukonza ndandanda yoti anthu adziwe nthawi yomwe galimoto ifike.

Khonsolo ya Thyolo, yomwe imatolera ndalama m'misika ndi m'masiteji, ikhale pansi ndi eni maesiteti monga Satemwa, Naming'omba ndi Conforzi kuti misewu yolowera m'midzi izisalazidwa mvula isanayambe. Nyengo ya dzinja ndi yomwe tiyi amathyoledwa wambiri, ndipo ndi nthawi yomweyo misewuyi imasanduka matope.

Mutu umodzi susenza denga. Boma, khonsolo, eni magalimoto ndi eni maesiteti agwirane manja pankhaniyi. Anthu omwe amalima ndiwo zodyetsa mzinda wa Blantyre komanso kuthyola tiyi wobweretsa ndalama zakunja asamayende wapansi pomwe maminibasi akuwothera dzuwa pa Bvumbwe opanda okwera.