Foni iloza njira, koma njirayo ili ndi eni

Pali masewera otchedwa geocaching: wina amabisa kabokosi n'kuika pa intaneti manambala a GPS a malowo, anzake n'kumakasaka ndi foni. Anayambira ku Oregon, ku America, mu May 2000. Malamulo ake ndi osavuta: lembani dzina m'kabuku ka m'katimo, mukatengamo kanthu siyanimo kena kolingana nako, kenako bwezerani kabokosiko pomwe kanali.

Kwathu kuno tionjezerepo ena. Mukapalasa njinga kuchoka ku Area 9, n'kupatuka mumsewu wa ku Mchinji, tinjira tambiri timadutsa m'minda ya anthu. Foni siidziwa zimenezo. Mayi amene wasenza nkhuni satembenuka msanga, ndiye lizani belu muli patali, chepetsani liwiro, perekani moni. Pothina, tsikani. M'dzinja musamazembe matope podula m'mizere ya chimanga. Ndi nsima ya banja imeneyo.

Obisanu, kumanda ndi kudambwe ayi ndithu. Kwinako yambani mwapempha mwini malo kapena amfumu. Kabotolo kobisidwa pamphambano anthu sati ndi masewera, amati ndi mankhwala. Pabwalo la amfumu GPS sikakuyankhirani mlandu.