Amasecha Ndani Pachipata?

Wochokera ku Edenvale kukaonera mpira ku Ellis Park amasechedwa pachipata ngati mbala: botolo lisalowe, mpeni usalowe. Palibe akukana zimenezo. Koma anthu 43 amene anafera m'bwaloli pa 11 Epulo 2001, Kaizer Chiefs ikusewera ndi Orlando Pirates, sanaphedwe ndi botolo. Kafukufuku wa Jaji Ngoepe anapeza alonda olandira ziphuphu ndiponso utsi wokhetsa misozi woponyedwa m'khamu. Kwathu ku Lilongwe, pa 6 Julaye 2017, anthu 8, ambiri a iwo ana, anafa popondana pa Bingu National Stadium zipata zitachedwa kutsegulidwa. Malamulo opachikidwa pachipatawo amaopseza woonera yekha. Chilango cha mwini bwalo wochedwa kutsegula chalembedwa pa mzere uti?